Hamonika Yotsika Mawu ya a Namaona

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni bambo Wedisoni Namaona. Pa maliro awo kwaya yathu inaimba bwino, anthu mpaka kutiyamikira pochokera kumanda, koma ine ndinafika kunyumba mtima usali m'malo. Tinawaperekeza ndi mawu okwera, omwe iwo anawakana zaka zonse zomaliza za moyo wawo. Palibe amene anachita dala. Ine ndiye ndimayambitsa nyimbo m'kwayamo, ndipo nditatsegula pakamwa panatuluka zomwe khosi linazolowera.

Kwathu kuno ku Njombwa a Namaona anali obwera. Anachokera ku Phalombe pa lole ya matenanti ine ndisanayambe n'komwe sukulu, ndipo analima fodya wa bale m'maesiteti atatu asanakhazikike pa esiteti yoyandikana ndi mudzi wathu. Anali munthu wamfupi, wowonda, wa makutu aakulu ngati anachita kubwereka kwa munthu wina. Kalankhulidwe kawo sikanasinthe mpaka imfa. Ukangowamva unkadziwiratu kuti ndi akummwera. Nthawi ya fodya manja awo ankakhala akuda bii ndi utomoni wa masamba, ndipo sankakhudza hamonika yawo asanasambe m'manja kawiri, koyamba ndi phulusa, kachiwiri ndi sopo. Kwa amene sanaionepo, hamonika ndi kachoimbira kachitsulo kokwana m'chikhato, ka mabowo khumi, komwe umaimba pouzira ndi pokoka mpweya. Ankaisunga m'sokosi yakale, m'thumba lam'kati la jekete, ndipo jeketeyo sankaivula ngakhale mu Okutobala.

Makutu awo sankapuma. Belu la njinga likalira ankakuuza kuti lang'aluka iwe mwini wake usanaone. Khasu likamenya mwala ankaima n'kutchera khutu ngati wina wawaitana. Tsiku lina anauza mwini chigayo kuti injini yake yatsitsa mawu kuyambira Lachiwiri, aitsegule aione. Mwini wakeyo anawaseka pamaso pa amayi onse, koma pofika Loweruka tinali tikusenza matumba kukagayitsa kutali. Ankakonda kunena kuti chilichonse chili ndi mawu ake oyambira, munthu yemwe, ndipo mikangano yambiri imabwera chifukwa aliyense amafuna kuti mnzake ayambire pa mawu a iyeyo. Ankanena zimenezi ngati munthu wofatsa, koma pa nkhani ya nyimbo sindinaonepo munthu wamakani ngati iwo.

Oimba onse a dera lathu ankabwera ndi zoimbira zawo kwa iwo: mabanjo opangidwa ndi zigubu za mafuta, magitala omata ndi guluu, ngakhale akodiyoni ina imene inachokera ku Kaluluma pa njinga itakulungidwa m'bulangete. Zonsezo ankazichuna potengera hamonika yawo. Ankauzira bowo lachinayi, n'kumakunga nsambo pang'onopang'ono mpaka mawu awiriwo atagwirana n'kukhala amodzi. Ifenso m'tchalitchi tinkadikira bowo lomwelo tisanayambe nyimbo iliyonse. Chomwe sitinkadziwa n'chakuti hamonikayo inali yotsika pang'ono kusiyana ndi zinzake zonse za m'sitolo. Motero kwa zaka zambirimbiri dera lonse linkaimba motsika, osadziwa. Achinyamata akayesa kutsatira nyimbo ya pa wailesi, gitala n'kumasemphana nayo, ankati ndi mabatire atha.

Makuponi a fetereza atayamba, dzina lawo silinalembedwe. Olembedwa anali eni mudzi. Tenanti, ngakhale atakalambira pomwepo, ankatengedwa ngati wa kwawo, pomwe kwawoko anali ataiwalika kalekale. Anali ndi kamunda ka chimanga komwe kankachita chikasu chaka ndi chaka. Komabe tsiku loitana mayina pa bwalo la sukulu sankajomba. Ankakhala pa muzu wa mtengo chakumapeto, kumvetsera kuyambira dzina loyamba mpaka lomaliza. Anthu akabalalika ndi timapepala tawo, iwo ankadzuka, kusasa fumbi kumbuyo, n'kumapita akuimba hamonika m'kanjira ka pakati pa minda. Chaka china ndinawafunsa.

"Bambo Namaona, mumadzivutitsiranji? Mukudziwa kale kuti simulimo."

"Ndikudziwa, aNabanda. Koma woitana mayinayu ali ndi mawu abwino. Komanso munthu akhoza kulakwitsa tsiku lina."

Sanalakwitsepo ngakhale kamodzi.

Kiyibodi inafika chaka chachiwiri cha makuponi. Inali mphatso yochokera kwa ana a mumpingo okhala ku Lilongwe, pamodzi ndi batire la galimoto ndi sola. Woiimba anali aphunzitsi Gondwe, bambo wa ku Kaluluma amene anali atangotumizidwa kumene pa sukulu yathu. Anali munthu waulemu, wodziwa kuwerenga nyimbo za m'buku, ndipo mtima ukawathamanga ankasakaniza ndi Chitumbuka. Lamulungu loyamba tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. A Namaona anauzira bowo lachinayi monga mwa masiku onse, a Gondwe n'kudina pamalo omwewo pa kiyibodi. Mawu awiriwo anali amodzi, koma osagwirana. Ankanjenjemera m'mwamba, wawawawa, ngati mavu awiri otsekeredwa m'botolo. Kwaya inagawikana pakati: amayi achikulire anatsatira hamonika, achinyamata anatsatira kiyibodi, ine wotsogolera ndinangoti kukamwa yasa. Ana kumbuyo anayamba kuseka. Ndime yachiwiri isanathe abusa anakweza dzanja kuti tileke.

Mapemphero atatha tinatsala a komiti ya kwaya. A Gondwe anatulutsa kabokosi koyezera mawu, kokhala ndi kamuvi ndi kanyale kobiriwira. Atadina kiyibodi kamuvi kanaima chilili, nyale n'kuyaka. A Namaona atauzira, kamuvi kanapendekera kumanzere. A Gondwe anasinthasintha nambala pa kabokosiko mpaka nyale inayakanso.

"Adada, taonani apa," anatero. "Dziko lonse linagwirizana kuti poyambira pakhale pa 440. Kiyibodi ili pomwepo ndendende. Yanuyi ili pa 432. Yatsika, mwina ndi kukalamba."

"Sinatsike yokha. Ndinaitsitsa ndine."

"Mwadala?"

"Mwadala. Msonkhano wa dziko lonsewo unachitikira kuti? Ine sanandiitane."

"Yayi, adada, si nkhani ya kuitanidwa. Zoimbira zonse ziyenera kumvana."

"Zinkamvana inu musanabwere. Kabokosi kanuko kanayamba kaimbapo pa maliro?"

Ena anaseka, koma a Namaona sanaseke nawo. A Gondwe anawapempha mwaulemu kuti aikweze hamonikayo, poti anali atamva kuti amadziwa kukonza. Anayankha kuti amadziwadi, koma satero. Tinawafunsa chifukwa, anangoti chifukwa chilipo. Miyezi iwiri kutsogolo kunali chikondwerero cha makwaya ku Mtunthama, komwe makwaya onse ankayenera kuimbira pamodzi nyimbo yotsekera motsogozedwa ndi kiyibodi imodzi. Komiti inagamula kuti titsatire kiyibodi, ndipo anatuma ine kukawauza. Ndinakonzekera mkangano, koma sanandiyankhe moipa. Anangofunsa ngati nanenso ndinakweza nawo dzanja. Ndinati inde. Lamulungu lotsatira anachoka pa benchi ya kwaya n'kukakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, pomwe pamakhala alendo ndi ochedwa. Zaka ziwiri zinadutsa ali pamenepo. Sankajomba, milomo yawo inkayenda nafe, koma dzanja silinkalowa m'jekete. Pang'ono ndi pang'ono eni magitala nawonso anayamba kulowera ku nyumba ya aphunzitsi.

Chimene chandichititsa kulemba zonsezi chinachitika chaka chachitatu, nyengo yosankha fodya. Ndinawapeza masana m'chigafa, mmene amaumitsira fodya, atakhala pa thumba akupatula masamba, aatali uku, ong'ambika uko. Fungo la fodya wouma linali lotsamwitsa. Ndinali nditabwereka kabokosi ka a Gondwe kaja, ndipo nditakhala pansi ndinakaika pa bondo kuti akaone.

"Mwabwera ndi apolisi," anatero osakweza mutu.

"Ndabwera ndi pempho, bambo. Mwana wanga Tadala akukwatiwa mwezi wamawa. Pa ukwati wanga munaimba ndinu. Ndikufuna muimbenso pa wake, pamodzi ndi kwaya."

"Ndidzaimba panja, kumene azikaphikako."

"Ayi, m'tchalitchi. Kusiyana kwake n'kochepa, nanunso mukudziwa. Munthu wamba sangakumve n'komwe chilichonse chikamalira pachokha. Bwanji osangoikweza pang'ono basi? Kapena mukufuna mudzafere pakhomo paja ngati mlendo?"

Mawu omalizawo anatuluka ndisanawaganize. Anasiya tsamba lomwe linali m'manja n'kundiyang'ana. Kenako anadzuka, anakasamba m'manja, n'kubwera ndi mpeni, lezala ndi katupa kakang'ono.

"Tiyese lilime limodzi," anatero.

Anamasula zivindikiro ndi nsonga ya mpeni. M'kati munali timalilime ta mkuwa makumi awiri, topyapyala ngati udzu, kalikonse kokhomedwa mbali imodzi, mbali inayo kali lende. Anandionetsa timizere takale pafupi ndi tsinde la kalikonse. Anati ukapala kutsinde mawu amatsika, ukapala kunsonga amakwera, koma chitsulo chomwe wapala sichimeranso. Analowetsa lezala pansi pa kalilime ka bowo lachinayi kuti kasapindike, n'kupala kunsonga, kamodzi, kawiri, n'kuuzira. Kamuvi kanasuntha pang'ono. Anapalanso. Ulendo wachitatu nyale yobiriwira inayaka, ine n'kuomba m'manja ngati kamwana.

Iwo anauziranso, motalika, maso atatsinzina. Atachotsa pakamwa nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wagogoda pakhomo pake n'kumutsegulira munthu wosamudziwa.

"Wapita," anatero.

"Ndani, bambo?"

"Elube."

Dzinalo ndinkalidziwa. Anali akazi awo, amene anamwalira ine ndili mtsikana. Ndinkangokumbukira mayi wamtali wosakonda kulankhula pa chitsime. Masana amenewo, pakati pa milu ya fodya, ndi pomwe anandiuza zomwe sanauzepo munthu.

Chaka chawo choyamba ku Kasungu kuno, anati, sankadziwa aliyense. Dziko lake lathyathyathya, lopanda phiri loti maso apumirepo, anthu ake olankhula mwina. Lamulungu masana, poti ndi tsiku lokhalo lopuma, mkazi ankaimba nyimbo za kwawo, mwamuna n'kumatsatira ndi hamonika yomwe anali atangogula. Koma sizinkagwirana. Mayiyo ankaimba motsika pang'ono, nthawi zonse pamalo amodzimodzi, osaphonya.

"Ndinkamuuza kuti, kweza pang'ono mayi iwe, ukutsalira. Iye n'kumati, khosi ndi lomweli ndinabadwa nalo, inu muli ndi mpeni, konzani chitsulo chanucho."

Tsiku lina anaterodi. Mayi Elube anaima pakhomo akukoka liwu limodzi, loyambira nyimbo yomwe ankaikonda, kupuma, kukokanso, amuna awo akupala kutsinde kwa kalilime ka bowo lachinayi, mpaka kunjenjemera kuja kunatha, mawu a munthu ndi a chitsulo n'kukhala chinthu chimodzi. Mayiyo anaseka n'kunena kuti tsopano chitsulo chaphunzira ulemu. Timalilime tina tonse a Namaona anatichuna okha masiku otsatira, kutengera kameneka.

Patapita zaka mayi Elube anadwala chifuwa chosamva mankhwala. Fodya atagulitsidwa anakwera lole kubwerera ku Phalombe kuti abale awo akawadwazike, atatenga mwana wawo wamkazi wa zaka zitatu. Anamwalira mvula itagwa, amuna awo ali pa kalikiliki wowokera fodya. Kalata inafika patatha masabata awiri ataikidwa kale. A Namaona anapitako chaka chotsatira, anaonetsedwa manda, anagona masiku atatu ngati mlendo, n'kubwerera. Munda unali wa kuchikazi, mwana anatengedwa ndi alamu awo, ndipo kwa alongo awo malo anali atatha.

"Chithunzi chake ndilibe, aNabanda. Ndinali ndi bowo limeneli basi."

"Nanga munalekeranji kutiuza?"

"Ndikanati chiyani pamaso pa komiti? Kuti mkazi wanga ali m'bowo lachinayi?"

Ndinawapempha kuti abwezere mmene zinalili. Anati ayesa. Masiku awiri otsatira fodya wawo anangokhala osasankhidwa, iwo ali pa thumba lija kupala kutsinde, kuuzira, kumvetsera, kupalanso. Koma kalilimeko kanali kakale, kopalidwa kale mbali zonse ziwiri. Mawu ankatsika ndithu, koma ankamveka osasa, ndipo iwo ankati sanafike, kapena apitirira, sakudziwanso. Tsiku lachitatu nditapitako anatambasula dzanja. M'chikhato munali kachidutswa ka mkuwa kochepa ngati chikhadabo chowenga.

Pa ukwati wa Tadala anabwera. Anapereka nkhuku yathadzi, anakhala pakhomo paja, ndipo sanaimbe m'kati kapena panja.

Patatha miyezi iwiri a Gondwe anafika kwathu akukankha njinga, nkhope itagwa. M'manja anali ndi kabuku kachizungu kodyedwa ndi chiswe m'mbali. Anakapeza pansi pa katoni yomwe kiyibodi inabweramo, pokonza m'kabati ya kutchalitchi.

"Nananga, amama," anatero m'Chitumbuka. "Ndalakwa kwambiri. Kiyibodi ija imatsika."

"Imatsika bwanji?"

"Pali podina. Mabatani atatu basi, imatha kufika pa 432. Ndayesa m'mawa uno. Tikanaitsitsa tsiku loyamba lomwe lija, popita ku Mtunthama n'kuikwezanso."

Anandiuzanso kuti anali atafufuza, n'kupeza kuti 440 ija si ya makedzana monga ankaganizira. Kale mizinda yosiyana inali ndi poyambira posiyana, ndipo mpaka lero alipo oimba amene amachuna zoimbira zawo motsika mwadala chifukwa makutu awo amakonda choncho. Ine ndinawafotokozera za mayi Elube ndi za kalilime kothyoka kaja, n'kunena kuti tisawauze mkuluyo, tingowapweteka kawiri. A Gondwe anakana. Anati iwo anayankhula pagulu ngati wodziwa zonse, ndiye sangabise poti zaoneka kuti sankadziwa.

Tinapita tonse awiri. A Gondwe anavula chipewa, anakhala pansi penipeni, n'kufotokoza zonse osadzikometsera. A Namaona anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anayamba kuseka, kuseka mpaka kutsokomola, misozi ili chuchuchu, moti sindinadziwe kuti kuseka kunathera pati.

"Ndiye kuti makina aja anali okonzeka kugonja," anatero atapezako mpweya. "Amakani tinali anthufe."

"Adada, bwererani. Ndiitsitsa Lamulungu lomwe lino. Ndikaguliranso hamonika yatsopano ku boma, muichune mmene mukufunira. Bowo loyamba pamodzi ndi lachisanu ndi chiwiri pa yakaleyi ndi liwu lomwelo, lina lalikulu, lina laling'ono. Mukhoza kutengera pamenepo."

"Amenewo ndi achibale ake, aphunzitsi. Ndinawachuna ndekha, Elube ali kumunda. Lomwe anaimirira nalo ndi lija linathyoka."

Hamonika yatsopano a Gondwe anagulabe. A Namaona anathokoza ndi manja awiri, koma sanaitulutse m'kabokosi kake. Anati manja ayamba kunjenjemera ndipo khutu lakumanzere layamba kunama, sangayambenso kupala zitsulo. Ku benchi ya kwaya sanabwerere. Kiyibodi tinaitsitsa masabata angapo mwa ulemu, koma poti mwini nkhani sanasunthe pakhomo paja, ndiponso makwaya ena ankabwera kudzacheza, tsiku lina wina anaibwezera pa 440 ndipo palibe anafunsa.

Yakale ija sanaisiye. Masana akaweruka ankaimba nyimbo za kwawo, ndipo tikamapita ku mjigo tinkawamva. Nyimbo ikafika pa liwu lija pankangomveka mpweya, fuu. Sankalumpha kapena kufulumira. Ankauzira bowo lakufalo utali wake wonse, kenako n'kupitiriza. Alendo ankati mkuluyu wayamba kuiwala nyimbo. Ine ndikamva ndinkasintha njira.

Amene sanasinthe njira anali a Gondwe. Loweruka lililonse ankapita ndi gitala yawo atachuna motsika, n'kukhala nawo mpaka dzuwa litapendeka. Ankakanganabe: za kaimbidwe ka achinyamata, za Chitumbuka ndi Chilomwe kuti chokoma m'nyimbo ndi chiti, za kabokosi kaja komwe a Namaona sanasiye kukatcha apolisi. Ndikukhulupirira kuti zaka ziwiri zomwe anachezerana chonchozo zinali zabwinoko. Kenako a Gondwe anasamutsidwira ku sukulu ina kutali kumpoto. Tsiku lonyamuka a Namaona anawaperekeza mpaka pamsewu, atanyamula gitala ija paphewa ngati khasu, ndipo galimoto itapita anaimabe pomwepo mpaka fumbi litatha. Kuyambira pamenepo Loweruka linafanana ndi masiku ena onse. Mphamvu zolima fodya zinali zitatha. Mwini esiteti anawalola kukhalabe m'kanyumba kawo, n'kumasoka masamba akafuna. Ine ndinkawatumizira ndiwo, nthawi zina kupita ndekha, koma tinkangokamba za mvula ndi za anthu odwala. Za tsiku la m'chigafa lija sitinazitchulenso. Ndinkafuna kupepesa bwinobwino, koma nthawi iliyonse ndikayamba ankandifunsa za Tadala.

Anamwalira m'nyengo yozizira, atadwala masiku anayi okha. Tinawaika m'mphepete mwa manda a mudzi wathu, mbali ya obwera. Mwana wawo uja, Feliya, tsopano mayi wa ana akeake, anafika kuchokera ku Phalombe tsiku lotsatira, maliro ataikidwa kale. Anali wamtali. Bambo ake anali atawaonapo kanayi kokha chichokereni kuno ali ndi zaka zitatu. Ndinamuthandiza kulongedza katundu, ndipo zonse zinakwana m'thumba limodzi la fetereza. Atapeza sokosi ija anatulutsa hamonika, anauzira chapakati, n'kumva mpweya wokha.

"Iyi inafa kale," anatero. "Ndikapatsa ana azikaseweretsa. Yatsopanoyi ndiye ndingagulitse."

Ndinamukhazika pansi n'kumuuza zonse, ndi mbali yanga yomwe. Anamvetsera akuitembenuza m'manja.

"Amayi anga sindikuwakumbukira," anatero pomaliza. "Ngakhale mawu awo."

Ndinamuonetsa bowo loyamba, anauzira. Ndinamuonetsa lachisanu ndi chiwiri, anauziranso. Ndinamuuza kuti mawu a amayi ake anali liwu lomwelo, pakati pa awiriwo. Anauzira loyamba, anatchera khutu, anauzira linalo, anatcheranso khutu, kangapo konse. Kenako anayesa kung'ung'udza yekha chapansipansi, koma mawu anakana kutuluka. Anaibwezera m'sokosi n'kuimanga pa nsonga ya chitenje, osati m'thumba lija.

Sabata yatha ndinadzera kumene ankakhala, kumapeto kwa mzere wa nyumba za matenanti. Denga linagwa ndi mvula ya chaka chino. Makoma atatu anasungunuka n'kusanduka chulu, ndipo maungu omera okha ayanga pomwe panali pogona. Khoma limodzi laimabe, lili ndi misomali itatu yopanda chopachikapo. Mphuthu za chitseko zinali chiimire, zosatsekera kanthu, mbuzi zikulowa ndi kutuluka. Kuseri kamunda kaja kadzaza chisoso. Kupitirira apo ndi minda yokhayokha, mapesi a fodya ali mbuu mpaka kumene maso alekezera.

Ndili chiimire choncho panafika mayi wina wachitsikana, wa banja la matenanti atsopano ochokera ku Dedza, mwana ali kumsana.

"Zikomo amayi, kodi munkakhala ndani muno?"

"A Namaona."

"Oo," anatero. Dzinalo silinamuuze kanthu. "Nanga mitengo ya pakhomoyi ili ndi mwini wake? Nkhuni zikuvuta kuno."

Ndinati ilibe. Tinaigwedeza tonse awiri mpaka inazuka, ndinamuthandiza kumanga ndi luzi, n'kumusenzetsa pamutu.